Mankhwala a Wongani aimitsidwa chifukwa cha mphini

Mwaswera bwanji nonse.

Ndangofika kumene kuchokera kuchipatala, mtima ukundiwawa. Paja mukudziwa kuti khansa ya m'magazi yamubwereranso Wongani. Lero amayenera kuyamba mankhwala awiri pamodzi, a kemo aja ndi ena atsopano osaka maselo odwalawo.

Adokotala pomuvula malaya apeza mphini kumsana, zatupa, zikutuluka mafinya. Mwana waulula kuti azakhali ake anamutema Lamlungu ine ndili kutchalitchi, n'kumugulira mandasi kuti asanene.

Adokotala akana kuyamba mpaka mabalawo apole. Akuti thupi lake lilibe chitetezo.

Ndawaimbira azakhaliwo, akuti, “Achipatala akuphatikiza mankhwala awiri, anga achitatu alakwanji?”

Bambo a Wongani, ndi alongo anu amenewa. Muwaletsa ndinu kufika pakhomo pano, kapena ndiwauze ndekha? Enanu mukuti bwanji?