Nthutumba Yomaliza

Mavis analera yekha mwana wake wamkazi Tiza ku Crumlin, kutsidya kwa nyanja, ndi ntchito yosambitsa okalamba. Bambo wa mwanayo anathawa Tiza asanamere mano. Koma kulera n'kwina, kukwatitsa n'kwina. Mawu a ukwati anali m'kamwa mwa mchimwene wa Mavis, Wilkins, mwini mbumba, dalaivala wa basi wosachedwa kupsa mtima. Iyeyo akangokana, ndiye kuti kumudzi konse akana.

Tsono Tiza anapeza mnyamata wa ku Brazil, Edilson, wophika pa lesitilanti ina ku Rathmines. Loweruka limene Wilkins anavomera kudzamuona, Mavis analawirira kumsika wa ku Moore Street. Nkhuku za kuno zimabwera zopanda zam'kati, ndipo kupatsa malume nkhuku yopanda nthutumba n'kuwatukwana masanasana. Anagula nkhuku ndi paketi yathunthu ya nthutumba kuti imodzi aiphikire pamodzi ndi nkhukuyo, n'kuisiya m'firiji.

Edilson anafika ndi mowa wakwawo, wopepuka uja amamwa wozizira mpaka mano kuwawa, n'kupempha kuti athandize kukhitchini. Mavis anamulola. Mtima wake unali pabalaza, pamene Wilkins anakhala atapinda manja pachifuwa, osaseka ndi munthu.

Posakhalitsa mnyamatayo anatulukira ndi timatambula ta mowa ndi mbale. M'mbalemo munali nthutumba zonse, zokazinga ndi anyezi ndi adyo, iliyonse pakamtengo kake. Anayambira kwa anzake a Tiza amene anakhala chakukhomo, akufotokoza mokondwa kuti kwawo mowa umenewu suyenda wokha, umafuna chinangwa chokazinga, soseji, koma makamaka nthutumba. Mbale inkafika kwa Wilkins mutatsala imodzi.

Mavis anachita mantha. Tiza, wokulira kuno, ankangotafuna osadziwa kuti ukwati wake uli m'mbalemo. Wilkins sanatambasule dzanja. Anafunsa motsitsa mawu ngati mnyamatayo anauzidwa amene amadya nthutumba.

"Achimwene, mistake ndi yanga," anatero Mavis. "Sindinamuuze. Musalange ana."

Wilkins anamuyang'ana mlongo wakeyo nthawi yaitali, mpaka pa zala zake zong'aluka ndi sopo wa kuntchito. Anamwako mowa pang'ono, n'kuika tambula pansi. Kenako anatola kamtengo kaja.

"Kwathu iyi amadya bambo wa nyumba," anatero. "Zaka zonsezi ndakhala ndikuidya muno, koma mwanayu sindinamugulirepo ngakhale sokosi. Landirani, chemwali. Ndipo yankho la mnyamatayu mupereke ndinu."

Mavis anali ataphika nthutumba moyo wake wonse, koma anali asanailawepo. Inali yolimba kuposa mmene ankaganizira. Anatafuna pang'onopang'ono misozi ikutsika, nyumba yonse ikumudikira. Atameza, anatembenukira kwa Edilson, amene anali chiimire ndi mbale yopanda kanthu.

"Khalani pansi, apongozi," anatero.