Kukathamangitsa Thandi ku Joni

Lemba, mdzukulu wanga, kuti ndinanyamuka Lachiwiri la sabata yoyera, chaka chija nkhondo ya ku Mozambiki itangotha. Ulembe zooneka, osati zokhotakhota zako zija. Kalata inachokera kwa a Kamwendo, akatekisiti a Amalawi ku Joniko. Ati agogo ako aamuna chifuwa cha kumgodi chawagwetsa, sachedwa, ndipo ansembe akana kuwapatsa masakramenti chifukwa m'nyumbamo muli mkazi wina. Ati bwerani inu a mphete mudzamuchotse. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi munthu osaponda kumudzi, lero ndiye akumbukire kuti ndili ndi mphete! Koma zoti afe osalapa ndinakana. Ndinalumbira nawo pa guwa ine. Ndinagulitsa mbuzi, ulendo.

Basi inanyamuka ku Blantyre m'mawa, tikiti makwacha mazana atatu. Kamba wanga anali chinangwa chophika ndi mtedza, poti nyama ndinali nditasiya Lenti yonse. Pambali panga panakhala Che Jafali, Myao wa ku Mangochi wa geni ya mawotchi. Tisanafike n'komwe ku Mwanza, ayamba kung'amba nkhuku.

"Amayi, tengani ntchafu."

"Ndikusala."

Anayang'ana chinangwa chili m'kamwa mwangamu, n'kuseka. "Kusala kwanuko n'kwabwino, pakamwa posapuma. Ife Asilamu mwezi wathawu ndi malovu omwe sitinkameza."

Ndinati, "Inu mumadya mdima ukagwa ngati afisi, ndiye muzinena ife?" Tinagwirizana pompo.

Ku Tete kunatentha ngati tayandikira kwa Satana. M'mbali mwa msewu magalimoto opsa ali ngundangunda, tiasilikali tating'onoting'ono tikupempha fodya. Mayi wina wa kumpando wakumbuyo anayambitsa nyimbo za Mulungu, misozi chuchuchu, manja m'mwamba. Titangodinditsa pa Nyamapanda kulowa Zimbabwe, ndinamuona akutulutsa kabotolo ka kachasu m'chitenje. Chikhulupiriro chake chinalibe pasipoti, chinatsala pa malire. Ine korona ali m'manja njira yonse. Koma usaname polemba: pakati pa Tikuoneni Maria ndinkayeseza mawu okamutukwanira mkazi uja. Pofika ku Harare ndinali nawo okwanira mlungu wathunthu.

Lachitatu linathera pa mzere ku Beitbridge, padzuwa. Mzungu wa pachidindo anafunsa kudzera mwa Che Jafali kuti ndikukatani. Ndinati, "Muuzeni ndikukasesa m'nyumba." Anadinda.

Tinalowa mu Joni Lachinayi m'mawa. Ife tikulowa, eni ake akutuluka. Mabasi tho ndi azibambo a makhaki, akudumpha mpaka basi kugwedezeka, ati akupita kuphiri kukapemphera. Azungu amanga maboti pa magalimoto, ati kunyanja. M'masitolo mazira a chokoleti okutidwa ndi golide. Ndinafunsa Che Jafali kuti kodi kuno Yesu anafera mazira? Anati, "Mundifunse ine Msilamu?"

Anandikweza minibasi ya ku Ivory Park, eni ake amati tekisi, marandi atatu. Kumeneko ndalama umapatsa wapatsogolo pako, iyenso apatse wapatsogolo, mpaka kwa dalaivala. Ine ndinakana. Ndipatse munthu wosamudziwa, wachisoti chopendekeka? Galimoto yonse inandiseka m'Chizulu.

Ivory Park dzinali ungati n'kumwamba. Zisakasa za malata ndi mapulasitiki, fumbi lofiira, mpope umodzi anthu piringupiringu. A Kamwendo anandichingamira atamanga tayi. Munthu wonyamula makatoni ku Marlboro, koma kayendedwe ka bishopu. "Welikamu mayi, welikamu. Lero tikonza zonse."

Ndinamanga chitenje zolimba. Kufika pakhomopo, ndinapeza mkazi wakhala kale panja pa chikwama chake, katundu atalongedza. Si mtsikana wa milomo yofiira amene ndinkamulota ayi. Mayi wamkulu, miyendo yotupa, wavala zobiriwira ndi chingwe m'chiuno, mpingo uja wa ng'oma wopemphera kumtsinje. Thandi. Chichewa chake anaphunzira kwa agogo akowo, chothyokathyoka.

"Mama, mwafika. Ine ndipita, abambo alandire Mulungu wawo."

Ha! Mawu anga onse a ku Harare aja, ndiwataye kuti? Anandilowetsa m'nyumba ngati akupereka ntchito kwa wantchito watsopano: mankhwala awa m'mawa, phala likhale lamadzimadzi, powatembenuza mugwire apa, osati apa. Kenaka anasenza chikwama, n'kukapempha malo kwa mnzake, zisakasa zitatu kuchokera pamenepo.

Agogo akowo ndinawazindikira ndi makutu okha. Mafupa basi. Anati, "Anaphiri, mwabwera?" Ndinati, "Ayi, ndikadali ku Ntcheu."

Lachisanu Loyera m'mawa ansembe anabwera, mzungu wokalamba wa nsapato zafumbi. Tinatuluka panja, agogo akowo analapa. Anachedwa ndithu, ndipo sindinadabwe. Ansembe anawadzoza, n'kuwalandiritsa. Ndinagwada pafumbipo mtima uli mbee. Ntchito imene ndinadzera inatha.

Masana ake ndiye zinavuta. A Kamwendo ndi akhristu onse anapita ku Njira ya Mtanda. Ndili ndekha, chifuwa chinawagwira agogo akowo, magazi, n'kudziipitsira pamphasa pomwepo. Ndinati ndiwanyamule, anakuwa ngati ndawabaya. Ndagwira paja Thandi anandiletsa paja. Thupi la mwamuna wanga wa mphete, ine osalidziwa pogwira! Madzi atha, kumpope sindikudziwa njira, maso awo akungoyang'ana kukhomo. Sanatchule dzina, poti anali atangolapa. Anangoluma mlomo.

Ndinakhala pansi kaye, korona m'manja, osatha kunena ngakhale Atate Athu. Kenaka ndinadzuka, n'kuwerenga zisakasa zitatu.

Sindinagogode. Ndinangoti, "Iwe, tiye." Anali atavala kale nsapato. Ndikuganiza kuti chifuwacho ankachimva kuchokera konko. Analowetsa mkono kunsi kwa msana wawo, kamodzi n'kamodzi, munthu phee. Iye akusambitsa, ine ndagwira beseni. Akuimba za kumtsinje kwawo zija chapansipansi, ine ndinangomusiya.

Chakumadzulo a Kamwendo anatulukira, mawu atasasa ndi kuimba. Kuona Thandi, tayi inachita kuima.

"Mayi, mwatani? Sakramenti liwonongeka! Ansembe akamva?"

Ndinati, "Abambo, mkazi wa mphete m'nyumba muno ndani?"

"Ndinu."

"Ndiye nyumba ndi yanga. Uyu ndi mlendo wanga, ndamuitana ndine, agona pamphasa yanga. Kapena vulani tayiyo, beseni ilo, mawa muwasambitse ndinu."

Anayang'ana beseni lija, anayang'ana mphasa ili pa chingwe. Anati akafunsa ansembe. Mpaka lero akufunsabe.

Lamulungu la Pasaka Thandi ndiye anandikankha kuti ndipite ku Misa, iye atsala. Tchalitchi chake chinali tenti, nyimbo zosazimva, azimayi zipewa ngati madengu. Ansembe aja pondilandiritsa anandiyang'ana, n'kufunsa chapansipansi m'Chichewa chawo chophunzirira, "Odwala ali bwanji?" Ndinati, "Ali ndi owasamala awiri." Anangogwedeza mutu.

Agogo ako anamwalira Lachitatu lotsatira, masana, mutu pa mwendo wanga, mapazi m'manja mwa Thandi. Tinawaika komweko. Pobwerera Thandi anandiperekeza mpaka pa basi, n'kundigulira buledi ndi nkhuku yokazinga. Ndinadya, Lenti inali itatha.

Kumudzi amayi a kutchalitchi anandizungulira. "Anaphiri, munamuthamangitsa?" Ndinati eya, tsiku limodzi. Enawo mpaka lero amati ndinachita manyazi. Azinena. Ansembe amalalikira chaka ndi chaka kuti chikhulupiriro chimakula pa Pasaka, ndipo ine ndinkayesa chimakula ndi kusala nyama. Masiku makumi anayi ndinasala, sanandipweteke ndi pang'ono pomwe. Chimene chinandipweteka ndi kuyenda zisakasa zitatu zija. Ulembe choncho, usakometse.