Belita ndi Timatumba ta Phula

Inu amene mwadzuka lero mukuona ngati dziko lonse lakufulatirani, khalani pansi ndikuuzeni za Belita wa ku Chiringa. Musayembekezere nkhani ya munthu amene anagula galimoto, ayi. Iyi ndi nkhani ya mayi amene ankangofuna kuti asathamangitsidwe pa geti ya sukulu.

Tsiku lake loipitsitsa linali Lachitatu, buleki itangotha. Belita anali pa malo ake a masiku onse, pansi pa mtengo wa mango, beseni la zitumbuwa ndi mbatata yophika lili patsogolo. Mwadzidzidzi anamva kukuwa m'kalasi ya Sitandade 3. Mphunzitsi anatuluka atagwira dzanja kamtsikana kotchedwa Miracle. Milomo ya mwanayo inali buluu, lilime buluu, zala nazonso buluu. Mbatata imene anadya anagula kwa Belita.

Amake Miracle, a Sellina, anafika akuthamanga kuchokera kumunda, khasu likadali m'manja.

"Mwam'patsa chiyani mwana wanga? Nenani msanga!"

"Ndi nsalu chabe, achemwali," anatero Belita.

"Nsalu? Kwanu nsalu mumadya?"

Anthu anaunjikana. Wina kumbuyo anatchula poizoni, wina anatchula mankhwala achikuda. Belita anachita mantha, chifukwa ankadziwa mmene gulu la anthu limachitira mawu amenewa akangotuluka.

Kuti mumvetse mantha ake, dziwani kuti Belita analibenso kwina kogwira. Mwamuna wake anamwalira kale. Munda wake wa chimanga ndi nandolo unakwiririka ndi mchenga ndi miyala chaka cha namondwe, moti ngakhale chinangwa chinakana kumera. Chimene chinkadyetsa iye ndi ana ake awiri ndi beseni limeneli basi.

Nanga nsaluyo inabwera bwanji? Kwa zaka zambiri iye ankaikira ana asukulu chakudya m'majumbo, timapepala ta pulasitiki topyapyala tija, ndipo amayi a kumudzi ankachitanso chimodzimodzi polongedzera ana kamba wa kusukulu. Majumbo anadzaza bwalo lonse, ena kukodwa m'minga, ena kudyedwa ndi mbuzi. Mbuzi za anthu zitayamba kufa, ahedi, a Makina, analamula kuti jumbo isalowenso pa geti. Belita anayesa masamba a nthochi, koma ankang'ambika m'zikwama za ana, mafuta n'kuthimbiriritsa makope. Ndiye anakapempha tizidutswa ta zitenje zatsopano kwa telala wa pamsika, n'kusoka timatumba ndi manja. Tinali tokongola ndithu! Chimene sanaganize n'chakuti chitenje chatsopano chimatuluka utoto, makamaka chikakumana ndi mbatata yotentha.

Ku chipatala ananena kuti ndi utoto wa nsalu, mwana alibe vuto. Koma ndani anamva zimenezo? Anthu anali atasankha kale nkhani yokoma kunena.

Masana omwewo a Makina anamuitanitsa ku ofesi.

"Mayi, ine ndikudziwa kuti simunachite dala," anatero. "Koma makolo akwiya. Komiti ikumana Lachisanu la sabata ya mawa. Pakali pano musagulitse. Mukadzabwera opanda njira yooneka, malo aja tipereka kwa wina."

Masiku asanu ndi anayi. Belita anabwerera kunyumba beseni lili lodzaza, njira yonse anthu akumuyang'ana cham'mbali. Usiku wonse mutu unali pa geti paja.

M'mawa mwake anawiritsa tizidutswa tija mumphika. Madzi anatuluka buluu. Anataya, kuwiritsanso, buluu yemweyo. Anathira mchere monga anamvera kwa ena, koma kachitatu konse madzi sanayere. Anakhala pakhonde atagwira tsaya, mpaka maso ake anagwa pa chitenje chake chakale chimene chinali pachingwe, chosuluka moti maluwa ake sankaonekanso. Chimenechi utoto unatha kalekale. Anali ndi zitenje ziwiri zokha, chakalecho ndi chopitira kutchalitchi, koma anatenga lumo n'kudula.

Pofika Lamulungu anali atasoka kathumba koyamba ka nsalu yakale. Sikanatuluke utoto, ndipo mtima unatsika pang'ono. Anaikamo chitumbuwa n'kukasanjika pa pepala loyera. Atabwerako kotunga madzi anapeza pepala lili noninoni ndi mafuta. Inu mukudziwa chimene chimachitika mwana akabwera ndi kope la mafuta: mphunzitsi amakalipa, mayi amakalipa, ndipo onse awiri amaloza wogulitsa. Belita analira tsiku limenelo, kulira kwenikweni, chifukwa masiku anayi anali atapita kale.

Lolemba anapita kukachapa pa mjigo. Amayi ena atamuona anasendeza ndowa zawo, macheza n'kuduka. Mmodzi yekha sanasunthe, mkazi wa a Owen, mlimi wa njuchi wa kuphazi kwa phiri la Michesi. Mayiyo anali kalikiliki kulimbana ndi kansalu kena, akudandaula yekha.

"Nsalu iyi yandikwana. A Owen amasefera uchi, ndiye yamwa phula. Taonani, madzi akungotsetsereka osalowa."

Belita anasiya kuchapa. Anayang'anitsitsa mmene madontho ankathamangira pamwamba pa nsaluyo. Ngati madzi sakulowa, nanga mafuta angatuluke?

Tsiku lomwelo anayenda wapansi mpaka kwa a Owen, dzuwa likuswa mtengo. Atafotokoza chimene wabwerera, bamboyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Anthu amabwera kuno kudzafuna uchi, inu mwabwerera zotaya? Zisa zofinya kale zili kuseri uko. Tengani zonse, mundichepetsere nyerere."

Musaganize kuti basi zinatheka. Anasungunula zisazo m'chitini, kusefa, n'kuviikamo nsalu yonse. Itauma inali gwa ngati chikopa cha ng'ombe, ndipo atapinda inasweka. Chidutswa chimodzi chinapita. Lachiwiri anapala phula louma ndi mpeni, kuwaza pang'ono pansalu, kuphimba ndi pepala n'kusita ndi simbi ya makala. Makala anachuluka, nsalu inapsa. Chachiwiri chinapita. Lachitatu inatuluka bwino, yofewa, yonunkhira uchi, koma chifukwa cha phuma anaikamo mbatata yongophula kumene, phula lonse n'kusungunukira pa mbatatayo.

Pa chitenje chija panatsala kachidutswa kokwana kathumba kamodzi. Belita anakagwira m'manja nthawi yaitali osayerekeza kudula. Nanga kakawonongeka? Nanga akadzaima pamaso pa komiti chimanjamanja? Ana ake adzadya chiyani? Manja ankanjenjemera moti ulusi unakana kulowa m'singano kangapo konse. Anapuma, kupemphera mawu awiri, n'kuyambanso pang'onopang'ono: phula lochepa, makala ochepa, chakudya chizizire kaye.

Lachisanu kalasi inadzaza makolo, ena ataima m'mawindo. A Sellina anakhala kutsogolo, manja atapinda pachifuwa. Belita analowa thukuta lili kamukamu. Anali atapereka kathumbako kwa a Makina m'mamawa, muli zitumbuwa zitatu, ndipo ahediwo anakasunga pakati pa kope latsopano tsiku lonse. Tsopano anatsegula kopelo n'kulikweza m'mwamba. Masamba anali oyera mbee.

"Kakada mumatsuka ndi madzi ozizira, n'kuyanika pamthunzi," Belita anafotokoza. "Mawa mwana atengeranso momwemo. Koma chakudya chizizizira kaye musanaike."

"Pepala silidya," a Sellina anamudula. "Chili m'katimo adye ndani? Mwana wanganso?"

Kwathu kuno, munthu ukapereka thobwa kwa mlendo umayamba wamwako wekha. Belita anatsegula kathumba, kutenga chitumbuwa n'kudya onse akuona. Anadya chachiwiri. Kenako, mayi wamkulu ndithu, pamaso pa azibambo ndi akuluakulu a mpingo, anatulutsa lilime lonse kuti aliyense aone. Kalasi inaphulika ndi phwete. Ngakhale a Makina anabisa nkhope m'kope lija.

A Sellina okha sanaseke.

"Lero zayera. Nanga mawa? Nsalu zanuzo ife sitidziwa kumene mumazitola."

Apa Belita anayankha chimene anachiganizira ali m'njira.

"Sindidzatolanso nsalu kwina kulikonse, achemwali. Mayi aliyense abweretse chitenje chake chakale, chimene wakhala akuchapa yekha ndi manja ake. Ine changa ndi singano ndi phula. Mwana adzadyera m'nsalu ya amake."

Komiti inanong'onezana. Pomaliza wapampando anati nkhaniyi aweruze ndi makolo eni ake. Lolemba Belita akhale pa geti. Amayi akabweretsa nsalu, malo ndi ake. Akapanda kubweretsa, ndiye kuti anthu amukana, anyamule beseni lake.

Loweruka ndi Lamulungu zinatalika ngati mwezi. Kutchalitchi sanamve ngakhale mutu wa ulaliki, maso ali pa misana ya amayi, kuyesa kuganiza kuti ndani angamukhulupirire.

Lolemba anafika m'mawa kwambiri. Ana anadutsa, belu linalira, geti inatsekedwa. Palibe amene anamubweretsera nsalu. Amayi awiri anaima patali ndi timitolo m'khwapa, koma ankangoyang'anizana, aliyense kuopa kukhala woyamba. Dzuwa linakwera. A Makina anasuzumira pawindo la ofesi kawiri, ndipo Belita anayamba kumanga nkhata yake kuti asenze azipita.

Ndi pamene anaona a Sellina akubwera mumsewu, nkhope ili yomanga ngati tsiku lija. Belita anaganiza kuti abwera kudzamuona akuchoka. Mayiwo anaima patsogolo pa beseni, kupisa dzanja m'khwapa n'kutulutsa nsalu yopindidwa bwino, yosuluka, yokhala ndi chigamba pakona.

"Iyi ndi imene ndinaberekera Miracle kumsana," anatero motsitsa mawu. "Ndinaisunga zaka zisanu ndi zitatu. Musaiwononge."

Belita analandira ndi manja awiri atagwada. Misozi inatsika m'masaya. Amayi awiri aja asanaitanidwe n'komwe anali atafika kale, ndipo pofika buleki mulu wa zitenje zakale unaposa mulu wa zitumbuwa.

Lero Belita akadali pa geti pomwepo. Ana amabwera ndi timatumba tawo, aliyense kuzindikira kake ndi maluwa a chitenje cha amake. Azibambo opita kuganyu amatengeramo chinangwa chophika, ndipo amayi a ku Jenala amapalasa njinga kudzaphunzira kusita phula. Iye amawaphunzitsa osabisa kanthu, kuyambira pa zolakwitsa zake.

Tsono inu amene mwayesa chinthu n'kuchita nacho manyazi pamaso pa anthu, mverani. Kulakwitsa kwanu koyamba si mapeto anu, ngakhale kwachitatu. Unikani pamene panavuta, konzani, ndipo mubwerere kwa anthu omwewo amene anakunyozani mukawaonetse ndi manja anu. Mantha adzakhalapo, manja adzanjenjemera, koma ulusi lowetsanibe m'singano. Mtima wanuwo musautaye, abale anga, gwiritsitsani.