Bambo Amene Ankachita Lendi Kuseri Kwathu

Agogo atalowetsa bambo wa lendi m'chipinda chakuseri kwa nyumba yathu ku Kawale, ine ndinawazindikira asanatule n'komwe chikwama. Ndinkawaona pa kanema kwa aneba Loweruka lililonse. M'sewero lililonse iwo ndiwo ankakhala m'bale wa malemu, wodzalanda katundu wa ana amasiye maliro asanathe.

Ine ndinali wamasiye, ndipo nyumbayo ndiyo yokha imene bambo anga anasiya.

"Agogo, ndi omwe aja," ndinanong'ona.

"Iwe, zija n'zosewera. Kawanyamulire mpando uwo."

Sindinakhulupirire. Pakati pa chipinda chawo ndi chathu panali chitseko chokhomerera, ndipo ndinayamba kuwazonda pamng'alu wake. Ankazungulira m'chipindamo akulankhula okha: "Malata awa ndi a m'bale wanga!" Ankabwereza mokalipa, kenako mokalipa koposa. Kumpopi azimayi ankawakuwiza kuti, "Lero mwalanda zingati, abambo?" Iwo ankangovula chipewa. Chimene chinkandiopsa ndi maso awo. Ankayang'anitsitsa aliyense, wogulitsa makala, kondakitala wa minibasi, ngati akusankha choti amutengere.

Tsiku lina kunabwera bambo anga aang'ono a ku Area 25, mkulu wa mpingo, atanyamula buledi ndi shuga. Anayamba ndi pemphero. Kenako, akupukuta magalasi ndi nsonga ya tayi, anati, "Mayi, mwakula. Nyumbayi tiigulitse, inu mukapume kumudzi. Mwanayu ndimutenga ine."

Agogo anangoyang'ana pansi. Ine ndinaluma kolala ya diresi, monga ndinkachitira ndikagwidwa mantha.

Pomwepo a lendi aja, amene anali pakhonde, anati odi n'kulowa. Mumtima ndinati basi, awiriwa anapangana.

"Pepani achimwene, tabwerezani paja pakuti 'mukapume kumudzi.' Zaka zonsezi ine m'masewero ndimakalipa, kani zenizeni zimayamba ndi pemphero!" A lendiwo anavula magalasi awo n'kuyamba kupukuta pang'onopang'ono, ndipo mawu amene anatuluka anali a bambo aang'ono enieni, ndi katsokomola kawo komwe. "Izi ndiziika m'sewero. Akumpingo kwanu amaonera kanema, eti?"

Bambo aang'ono anaseka mwamanyazi, nati akuthamangira minibasi. Shuga uja anamusiya. Za kugulitsa nyumba sanadzazitchulenso.

Agogo anandituma kukapereka theka la buledi kuseri. Ndinapereka ndi manja awiri, koma kuwazonda sindinasiye.

Patapita miyezi, sewero lija linaonetsedwa. Tayi, magalasi, pemphero, zonse zinalimo. Munalinso kamtsikana kamasiye kosuzumira pamng'alu wa chitseko, kakuluma kolala ya diresi. Onse amene tinkaonera nawo anacheuka n'kundiyang'ana.

Nditafika kunyumba ndinang'amba kansanza, n'kutseka mng'alu uja.