Tsiku Limene Odile Surette Anaulula Potchera Miono

Pa asodzi onse a m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja ku Nova Scotia, panalibe wodziwa kunama ngati mayi wina dzina lake Odile Surette. Ankayendetsa boti limene bambo ake anamusiyira, ndipo ukamufunsa komwe wagwira nkhanu zodzaza boti, ankakulozera kumpoto iye atachokera kumwera. Palibe ankamuda nazo. Kumeneko msodzi saulula pomwe amatchera miono, ngakhale kwa mlamu wake.

Chaka china boma linaganiza zogawa nyanja, kuti asodzi akhale ndi pawo ndipo sitima zikuluzikulu zonyamula katundu zikhale ndi njira yawo. Linatuma mtsikana wina dzina lake Maryse ndi chimapu, kuti asodzi alembepo malo awo. Anthu anadzaza holo ya tchalitchi, koma aliyense diso linali pa dzanja la mnzake. Ndiye onse analemba zabodza, Odile ali patsogolo. Anatuluka akuseka chikhakhali, ati achenjera.

Choipa chitsata mwini. Mapu atabwerako, madzi opanda ndi nkhanu imodzi yomwe ndiwo anapatsidwa kwa asodzi, ndipo njira ya sitima inadutsa pakati penipeni pa malo awo enieni. Sitima ikadutsa imadula zingwe, miono n'kutsala pansi pa nyanja. Mudzi ukanadya chiyani?

Maryse anabweranso kudzamva mawu omaliza. Alcide Doucet, mkulu wa pakamwa potentha, analavula moto.

"Mwatiphera ana! Boma lanji losamva anthu?"

"Koma bambo, ine ndinangotsata zomwe munalemba," anatero Maryse.

Amuna akuluakulu ankayang'ana nsapato zawo.

Odile anaimirira. Mtima unkamuwawa zedi, pakuti malo akewo anali mwala wobisika pansi pa madzi, womwe bambo ake anauza iye yekha.

"Ndipatse cholemberacho, mwanangu. Tinakunamiza tonse, ndipo ine ndinaposa."

Anazunguliza mwalawo ndi mzere wofiira pamaso pa mudzi wonse. Anthu anakankhana kuti aone, ena mpaka kukwera pamipando.

"Haa! Pamenepo?" anakuwa Alcide. "Zaka zonsezi ndakhala ndikutha mafuta kumpoto chifukwa cha iwe, mfiti yachabechabe!"

"Munatumidwa ndi ndani kuti muzinditsata? Bwerani mulembe panu, a Alcide. Kapena dzanja lauma?"

Holo inaphulika ndi phwete. Alcide anatenga cholembera akung'ung'udza, n'kulemba. Anatsatira ena, mmodzimmodzi, akunyogodolana ndi kutukwanizana pa mabodza akale, mpaka mbali yonse ya kumwera inafiira. Maryse anakulunga mapu aja mosamala ngati khanda, ndipo patapita miyezi uthenga unabwera woti njira ya sitima yasunthidwira kutali, kumadzi akuya.

Nyengo ya nkhanu itatsegulidwa, Odile anapeza pamwala pake pali piringupiringu, maboti a mudzi wonse, la Alcide lili pakati mopanda manyazi. Anawatukwana mokwanira, n'kutchera miono yake pomwe panatsala. Chakumasana sitima inatulukira kutali, yaing'ono ngati kanyumba, n'kudutsa osakhudza chingwe cha munthu. Odile analiza hutala ya boti lake. Alcide anayankha ndi yake, kenako maboti onse, phokoso lokhalokha, ndipo mayi uja analira ndi chimwemwe anthu onse akumuona.