Miyala ya ba Mulenga pa Ngalande ya ku Kanyama

Ndikakumbukira ba Mulenga, amene tinkakhala nawo khomo ndi khomo ku Kanyama, ndimamva fungo la malata otentha amene ankakhoma popanga mbaula, litasakanikirana ndi la ngalande yomwe inkadutsa kuseri kwa nyumba yawo. M'dzinja ngalandeyo inkameza chilichonse, mapatapata, nkhuku, tsiku lina mpaka munthu ndi wilibala yake, amene anakatulukira kutali, ku komboni ya Misisi, atamera imvi. Ndikulumbira, ndinamuona ndi maso angawa.

Sukulu yathu inali tsidya lina. Mvula ikagwa, ba Mulenga ankaika hamala pansi, n'kupinda buluku, n'kumatiwolotsa pamsana mmodzimmodzi, msanawo ukulira ngati chitseko chakale. Tonse tinkadziwa kuti tsiku lomwe udzakane, sukulu nayo yatha.

Dera lathu linali ndi phungu wakewake masiku amenewo, ndipo masankho akayandikira aliyense wopikisana ankafika pa ngalande, n'kuika mwala waukulu wosonyeza poyambira mlatho. Anthuwo tinkawadziwa ndi zizindikiro zawo za papepala lovotera: ba Njinga, ba Khasu, ba Ambulera. Ba Mulenga ankaomba m'manja kuposa aliyense, galimoto ikangonyamuka n'kugubuduzira mwalawo m'nyumba.

"Nisungako chabe," ankatero. "Bakawalala ba muno baba na malonjezo."

Ankavotanso mokhulupirika, atavala jekete, moti inki ya pachala chawo sinkachoka mpaka masankho ena. Miyala inachuluka kunsi kwa bedi kufikira akazi awo, ba Na Chanda, ankakwera pogona ndi makwerero.

Kenaka wailesi inalengeza kuti dera lathu latha, aligawa pawiri, ndipo malire ake ndi ngalande yomweyo. Ba Mulenga anavala jekete ija n'kupita kwa phungu wa tsidya lino, amene anati madziwo ndi a mnzake. Wa tsidya linalo anati dera lake limayambira pouma. Ngalande inasanduka mwana wamasiye. Ngakhale udzudzu wa mmenemo sunadziwenso kokalembetsa.

Chaka chomwecho msana unakana. M'mawa wina mvula itakata, tinaima m'mbali mwa madzi, mabuku ali m'mapulasitiki a shuga, tikumva ba Na Chanda akukalipira amuna awo m'nyumba.

"Imwe ba Shi Chanda, muzafa na bana ba bene!"

"Nipaseni chabe wilibala, mayo."

Anatuluka atawerama ngati mbedza, natiuza tikankhire ku ngalande miyala ya kunsi kwa bedi ija. Mwala ndi mwala, aphungu onse a dera lathu, opambana ndi olephera omwe, analowa m'madzi mondondozana, aliyense pa ntchito yake yoyamba. Ba Mulenga anakhala pa ndowa n'kumatilangiza ife ana.

"Iwe mwaiche, ponda pali ba Njinga. Ba Ambulera ubajumphe, benze kugwedezeka na kale."

Ndinawoloka osanyowa ngakhale chidendene.

Ba Mulenga anatisiya kalekale, ndipo dzina la dera lija achinyamata a lero salidziwa n'komwe. Koma miyala ilipo, yasalala ndi mapazi, ndipo ana anga amadumpha ba Ambulera osadziwa chifukwa chake. Ine ndikalowa movotera sindithamangira kuchonga. Ndimayamba ndayang'anitsitsa nkhope iliyonse papepalapo, n'kudzifunsa ngati mwana wa sukulu angapondepo osagwa.