Keke ya Mitu Yakuda

Lelo mwana wanga wapseleza shuga pambaula, ndipo fungo lake landibweza ku Nyimba, Khisimasi ina ndili wamng'ono.

Amai anatakasa zoyela za mazila ndi shuga mpaka thovu linaima, nalisanja timilutimilu pamwamba pa keke. Mazila anali omaliza, alendo nawo anali m'njila kuchokela ku tchalitchi. Amai ataika keke m'poto, anandiuza kuti ndiike makala pang'ono pa chivundikilo chake. Ine ndinathila ambili, kuti ipse msanga.

Titavundukula, timilu tonse tinali ndi mitu yakuda, ngati mizukwa yoima pamanda. Ndinayamba kulila.

Amai, Mulungu awadalitse, anatenga nshawa nayamba kusomeka ziwiliziwili pa kamulu kalikonse.

"Pukuta misozi, iwe. Mzukwa wopanda maso unauonapo kuti? Bweletsa mbale."